Kadontho Koyera M'diso la Geeske

Tangoganizirani: mwana akachitidwa opaleshoni yowongola diso ali ndi zaka zinayi, disolo lingakhale lowongoka kwa nthawi yaitali bwanji? Sindikufunsa za ana onse ayi, pakuti mwana aliyense ndi diso lake. Ndikufunsa za mmodzi, Geeske, mwana wanga yekhayo. Sungani yankho lanu mumtima. A chipatala anali ndi lawo, lolembedwa m'fayilo ndi kusainidwa. Geeske anali ndi lake, limene ndinamuphunzitsa ndine. Ndipo ine, Tjalling Roorda, amene ndinajambula anthu a pachilumba chathu kwa zaka makumi anayi, ndinali ndi langa limene sindinauzepo munthu.

Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, chaka cha 1999, pamene Geeske anatsika sitima yapamadzi ya m'mawa popanda kutumiza mawu. Ndinamuona pazenera akukankha kageti ndi bondo, m'manja muli katoni yopanda kanthu. Mlongo wanga Rinske, amene anasamukira kwathu chimwalirire mkazi wanga Hiltje, ndiye anamutsegulira chitseko.

"Mwana uyu! Kumtundako matelefoni anatha?" anatero Rinske. "Nanga katoniyi? Amuna ako akuthamangitsa, wabwera kudzapempha mbale?"

"A Folkert akanandithamangitsa, azakhali, ndikanabwera ndi Femke wanga, muzimva phokoso mpaka Khirisimasi."

Anaseka, koma kunali kuseka kwa pakamwa pokha. Atakhala patebulo, Rinske n'kuthira khofi, ndinaona chimene ndinkaona nthawi zonse osachitchula: diso lamanja la Geeske linali pa ine, lamanzere lili kuzenera, kumilu ya mchenga. Tsiku limenelo linali litapita kutali kuposa kale. M'nyumba mwathu diso limeneli silinkatchulidwa. Linali lamulo la Hiltje: "Diso linachira, nkhani inatha." Hiltje anapita, koma lamulo lake linatsala.

Amene anaswa lamulolo ndi mwini diso.

"Bambo, ndinali kuchipatala cha maso Lolemba," anatero Geeske. "Mutu wakhala ukundipweteka chiyambire Ogasiti. Nthawi zina ndikakweza nkhope pantchito, zitseko zimaoneka ziwiri."

Geeske amakonza mabuku akale ong'ambika m'nyumba ya mabuku kumtunda. Tsiku lonse amakhala ataweramira chinthu chimene chili pafupi ndi mphuno. Anafotokoza kuti mayi woyeza maso kumeneko, a Van Asselt, anamuphimba diso ili, kenako ilo, ngati masewera a ana, ndipo anati lamanzere lathawira kunja kwambiri.

"Ndiye anaitanitsa fayilo yanga yakale. Simungakhulupirire, Bambo, zithunzi zonse munkatumiza zija zilimo, ine ndi tsitsi langa loluka. Dokotala Brinkhorst analembamo ndi dzanja lawo mu 1978 kuti diso lawongoka, mwana asabwerenso."

Ndinaika kapu pansi.

"Nanga akuti chiyani?" anafunsa Rinske.

"Akuti maso ambiri amene anachitidwa opaleshoni paubwana amayamba kuthawa pang'onopang'ono zaka zikamapita. Zimenezo siziwopsa, amangoliwongolanso. Koma diso limene lakhala phee zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, kenako n'kungoyamba kuthawa, mutu nawo n'kumapweteka, limenelo amafuna aone kaye chimene chikulikankha m'mutumo. Adzandiunika ndi makina pakapita milungu itatu."

Hiltje zake zinayambanso choncho: mutu, kenako kuona zinthu ziwiriziwiri, kenako chotupa mu ubongo chimene madokotala anachipeza mochedwa. Geeske ndiye ankamusambitsa miyezi yomaliza.

"A Folkert akuti iwo akhala akuliona likuthawa nthawi ndi nthawi, koma sakudziwa kuti linayamba liti. Mwamuna amene sadziwa ngakhale mtundu wa makatani a m'nyumba mwake! Ndiye a Van Asselt akuti ndibweretse zithunzi zonse, kuyambira ndili mwana mpaka pano, aone chaka chimene linayamba. Zithunzi sizinama, atero." Geeske anazunguza kapu m'manja. "Ndayamba kuwaphunzitsa a Folkert kuluka tsitsi la Femke. Zala zawo zili ngati masoseji, koma aphunzira. Ndalembanso m'kabuku zakudya zimene mwanayo sadya."

Femke anali ndi zaka zitatu. Apo m'pamene ndinayenera kutsegula pakamwa. M'malo mwake ndinaimirira, n'kunena kuti ndikatenge kamakwerero kotsitsira zithunzi pakhoma.

Kuti mumvetse chimene ndinkaopa, ndiyenera kubwerera m'mbuyo.

Geeske anabadwa ndi diso lamanzere loyang'ana kumphuno. Mu Epulo 1972 ndinakwera naye sitima kupita kuchipatala cha kumtunda. Hiltje analephera kupirira, anatsala. Ndine amene ndinapereka mwanayo m'manja mwa namwino, iye atandigwira kolala ya jekete mpaka batani linaduka. Masiku amenewo makolo sankaloledwa kukhala ndi ana m'chipatala. Lamlungu ankatiimika pakhonde, tizisuzumira pagalasi. Ndinamuona ali chagada, maso onse awiri omangidwa nsalu, mikono italowetsedwa m'timapaipi ta katoni kuti asapinde chigongono n'kugwira diso. Sanalire. Ankangotembenuza mutu uku ndi uku, kumvetsera.

Atabwerera kunyumba diso linali lowongoka bwino lomwe, ndipo Hiltje anaphika keke n'kuitana msewu wonse. Koma Geeske anatha milungu isanu osandilankhula. Ndikafuna kumunyamula ankauma gwa ngati thabwa.

Dokotala Brinkhorst anali munthu woganizira anthu a kuzilumba. Anati: "A Roorda, musavutike ndi sitima kangapo pachaka. Inu ndinu wojambula. Muzimujambula atayang'ana kamera, nyale ili patsogolo, n'kutumiza chithunzicho. Ine ndiziyang'ana timadontho. Likadzayamba kupotoka, mudzabwere naye, tidzalichitenso."

Timadontho timeneto wojambula aliyense amatidziwa. Mukayang'anitsitsa chithunzi cha munthu, m'diso lililonse muli kadontho koyera, kuwala kwa nyale. Maso akakhala owongoka, timadontho tiwirito timakhala pamalo ofanana. Diso lina likapotoka, kadontho kake kamagwera pambali.

Tsono mudziwe kuti pantchito yanga, chithunzi sichinkatuluka m'sitolo chisanadutse pansi pa burashi. Ndi mmene ndinaphunzitsidwira. Ukatsuka chithunzi, chikauma, umachiika pathabwa, n'kutenga kagalasi kokuza zinthu, kaburashi ka ubweya wowerengeka, utoto wakuda, ndi kampeni kakuthwa kopalira. Ziphuphu za anyamata ndinkachotsa. Makwinya a akwati okalamba ndinkachepetsa. Asodzi ofiira maso ndi mowa ankatuluka ngati abusa. Palibe ankapempha, palibenso ankadandaula. Anthu ankangoti, "Kamera ya a Roorda ili ndi ulemu."

Tsiku lina ndinatsuka chithunzi cha Geeske choti chipite kwa dokotala, ndipo pansi pa kagalasi ndinaona kuti kadontho ka kumanzere kasuntha. Diso limene kale linkayang'ana kumphuno tsopano linali litayamba ulendo wopita kukhutu. Pang'ono pokha, ngati m'lifupi mwa tsitsi. Ndikunena zoona, dzanja linayamba lokha. Linatseka kadonthoko ndi utoto, linapala kena katsopano pamalo oyenera, linadetsa m'mbali muno ndi kuyeretsa m'mbali umo. Mphindi khumi. Mutu unadzafika ntchito itatha, ndipo unati: mwina anatopa chabe, tiona chithunzi chotsatira. Chotsatiracho sindingachinamizire dzanja. Ndinachikonza ndikudziwa, ndikuona m'maganizo timapaipi ta katoni tija.

Dokotala anayankha ndi kakhadi: "Zili bwino kwambiri." Hiltje anakaika pamwamba pa wailesi.

Tinayamba kutsitsa zithunzi pakhoma la pamasitepe, ine pamwamba, Geeske akulandira. Cha tsiku loyamba kusukulu. Cha pa njinga yake yoyamba. Chovala yunifomu ya kwaya. Chomaliza sukulu. Cha ukwati, mu 1994, chimene ndinavutika nacho masiku awiri chifukwa chinali cha mitundu ndipo utoto wake sukhululuka. Geeske sankakonda makamera a anthu ena, akaona wina akuloza ankatembenuka. Ankati amaoneka bwino kwa bambo ake okha.

Chilichonse ankachiyandikitsa kumaso, n'kupukusa mutu.

"Chowongoka. Ichinso chowongoka. Taonani cha ukwatichi, zaka zisanu zokha zapitazo, chowongoka ngati kandulo." Mawu ake ankacheperachepera. Chithunzi chokongola chilichonse chinkamuuza kuti matenda a mayi ake amupeza.

Atakwera kuchipinda cham'mwamba kukafuna mabuku a zithunzi, Rinske anandikokera kukhitchini n'kutseka chitseko. Rinske anaima pa kauntala ya sitolo yanga zaka makumi atatu, ndipo maso ake, ngakhale ali ndi magalasi ochindikala, saphonya.

"Achimwene, ine ndili ndi ndevu?"

"Mwayamba chiyani, Rinske?"

"Ndafunsa. Ndili ndi ndevu pamlomo apa kapena ayi?"

"Pali tiubweya pang'ono."

"Tiubweya! Mphaka amandichitira nsanje. Nanga pachithunzi changa chili pa piyano paja, tiubweyato tili kuti?"

Ndinayang'ana ketulo.

"Mwana uja diso lake lakhala likuyenda kuyambira ali ku sukulu ya mkaka," anatero motsitsa mawu. "Akatopa, akayang'ana kutali, limapita. Tonse tinkaliona, koma alamu anga anati tisatchule, ife n'kukhala chete. Ine ndinkati mumadikira mpaka libwerere ndiye mujambule. Lero ndaziona zonse zitandandalikidwa patebulo. Zithunzi makumi anayi, palibe n'chimodzi chomwe chimene lathawa? Ndi za kuchipatala zomwe, achimwene?"

"Anati adzamuchitanso opaleshoni, Rinske. Simunamuone pagalasi paja."

"Sindinamuone. Koma ndamuona lero, akuphunzitsa mwamuna kuluka tsitsi. Sitima inyamuka hafu folo. Ine sindinena kanthu, chifukwa burashi sinali yanga. Koma akakwera ndi katoni imeneyo yokha, mawa muziphika nokha, muzidya nokha, ndipo mudzafa nokha."

Munganene kuti zinali zophweka. Mawu ochepa, ndipo mwana wanga akanapuma. Inenso ndinkadziuza chomwecho uku ndikudula buledi. Koma panali chinthu china chimene Rinske sankachidziwa, ndipo chimenecho ndicho chinandimanga lilime.

Geeske ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anabwera kuchokera kusukulu malaya atang'ambika. Ana ankamutcha Nyali ya Zombo, kutengera nsanja ya kumapeto kwa chilumba imene kuwala kwake kumazungulira panyanja. Ankamuimbira kuti diso lina lili m'kalasi, lina likuwerenga zombo. Tsiku limenelo ngakhale Aukje, mnzake wa pamtima, anamuuza mwaubwino kuti n'zoona, limathawa akamayang'ana pabolodi. Geeske anamumenya mpaka kumuchotsa dzino. Anathamangira kwa ine m'chipinda chogwirira ntchito, n'kufunsa: "Bambo, diso langa n'lopotoka?" Ine ndinamupatsa kalilole. Pafupi choncho diso linkabwerera pamalo pake, ndipo ndinkadziwa. Kenako ndinamupatsa chithunzi chake chatsopano, ndi kagalasi kokuza zinthu, n'kumuphunzitsa za timadontho. "Ona wekha," ndinatero. "Anawo akukumbukira diso lako lakale. Chithunzi sichinama." Iye ndi Aukje sanalankhulanenso. Aukje mpaka lero amagulitsa nsomba padoko, ndipo Geeske akatsika sitima amadutsa mbali ina.

Kuulula za fayilo kunali kuulula za tsiku limenelonso.

Tinadya buledi, tchizi ndi nsomba yowamba. Rinske anaika mbale yanga patebulo mwamphamvu moti mpeni unadumpha. Geeske anadya ngati mbalame. Itakwana thiri koloko anali atakulunga chithunzi chilichonse m'nyuzipepala n'kuchilongedza m'katoni. Anamanga chingwe, n'kundigwira dzanja.

"Mwayi wanga ndi woti bambo anga ndi wojambula," anatero. "A Van Asselt akuti anthu ena amabwera ndi zithunzi ziwiri, zosaoneka n'komwe. Ine ndili ndi umboni wa chaka ndi chaka. Kaya zikhala zotani, zikomo, Bambo."

Sindikudziwa ngati kunali kulimba mtima. Ndikuganiza kuti ndinangolephera kunyamula zikomo ameneyo.

"Siya katoniyo," ndinatero. "Tiye kuseri."

Sitolo ndinatseka kalekale, koma chipinda chogwirira ntchito chikadali mmene chinalili, ndi fungo lake la mankhwala otsukira. Wojambula weniweni sataya filimu. Chithunzi cha papepala ungachipake, ungachipale, koma kafilimu kamene chinatsukidwako ine sindinkakakhudza. Ta Geeske tinali m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, kalikonse mu envulopu yake, tsiku litalembedwa pakona. Ndinayatsa kabokosi ka nyale kounikira mafilimu, n'kuikapo ka ukwati. Ndinamupatsa kagalasi kokuza zinthu, komwe kaja.

"Pafilimu zoyera zimaoneka zakuda," ndinatero. "Ufune timadontho takuda."

"Ndikudziwa, Bambo. Munandiphunzitsa ndinu."

Anawerama.

"Ichi si chija chili m'katoni."

"Ndi chithunzi chomwecho."

"Koma apa lathawa. Lathawa kwambiri."

"Inde."

Ndinachotsa, n'kuika ka 1986, komaliza sukulu. Kenako ka kwaya. Kenako ka 1978, komwe Dokotala Brinkhorst anaonera chithunzi chake n'kutseka fayilo. Geeske anasiya kudikira kuti ndimuikire. Ankatsegula yekha maenvulopu, kubwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, mwaluso la munthu wozolowera mapepala akale. M'kafilimu kalikonse kamene anatsegula diso linali panja, kungoti akamabwerera kuubwana linkayandikira pang'ono.

Anadzuka n'kukhala pampando wanga. Anaika manja onse awiri pamutu, n'kuyamba kupuma mwamphamvu ngati munthu amene wangovuulidwa m'madzi.

"Ndiye kuti si lero," anatero. "Si chaka chino. Lakhala likupita moyo wanga wonse."

"Pang'onopang'ono, mwana wanga. Monga ananenera mayi aja."

"Ndiye kuti mwina mulibe kanthu m'mutumu."

"Akakuunikebe. Koma diso ili silinayambe mu Ogasiti."

Analira, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza mopusa kuti zathera pomwepo. Ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire phewa. Anauma gwa, ngati thabwa, chimodzimodzi mu 1972.

"Munkachita bwanji?"

Ndinatsegula kabati ya tebulo n'kumuonetsa kaburashi, kabotolo ka utoto wouma, ndi kampeni. Anatenga kaburashiko n'kukayang'ana ngati kachilombo.

"Kameneka?"

"Kameneko."

"Amayi ankadziwa?"

"Sanandifunsepo. Sindinawauzepo. Ankanyambita masitampa a makalata opita kwa dokotala."

"Ndakhala masiku atatu ndikusankha nyimbo za pamaliro anga, Bambo. Lero ndakhala nanu kuyambira m'mawa. Mwakwera makwerero, mwanditsitsira zithunzi chimodzichimodzi, mukundimva ndikuti chowongoka, chowongoka. Mwadula buledi!"

"Ndinkaopa."

"Munkaopa chiyani? Opaleshoni? Ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi!"

"Poyamba opaleshoni. Kenako iwe."

Anatembenukira kukhoma kumene kalilole uja akadali chipachikire. Ndinaona nkhope yake ikusintha, ndipo ndinadziwa kuti wafika pa tsiku lija popanda ine kumutsogolera.

"Aukje," anatero. "Ankanena zoona."

"Inde."

"Ndinamuchotsa dzino. Ndinaimirira m'kalasi n'kunena kuti ndi wabodza, bambo anga ali ndi umboni. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikumudutsa ngati mtengo." Anaseka, kuseka koipa. "Ndipo aphunzitsi akamandifunsa kuti ukuyang'ana kuti, anyamata akamacheuka kumbuyo kwawo ndikamawalankhula, ine ndinkati anthu ndi opusa. Ndinkabwera kunyumba n'kuyang'ana pakhoma."

"Ndinkafuna uzidziona wokongola."

"Ayi, Bambo. Inu ndi amene munkafuna kundiona choncho. Mukanandiuza kuti diso lako limathawa ndipo ndiwe mwana wanga, ndikanalira tsiku limodzi."

Anandifunsa ngati dokotala akanatha kulikonza likadali pafupi, mwina ndi magalasi okha, mwina popanda mpeni. Ndinati sindikudziwa. Palibe amene adzadziwe, chifukwa munthu amene akanadziwa ndinamutumizira zithunzi zopaka, iye n'kumwalira akukhulupirira kuti Geeske Roorda ndi mmodzi wa ana amene anawachiza bwino koposa.

Rinske anaima pakhomo, jasi la Geeske lili pamkono.

"Folo koloko yadutsa," anatero. "Sitima sidikira anthu olira. Ndakuikira nsomba m'thumba, za mwana, osati za masoseji aja."

"Azakhali, inunso munkaliona?"

"Ndinkaliona, mwanawe. Ndinatseka pakamwa. Pa zimenezo undikwiyire nane, ndili ndi malo."

Geeske anabwezera mafilimu m'maenvulopu, n'kuwandandalika m'chitini monga mwa zaka. Katoni ya zithunzi anaisiya patebulo la m'nyumba, chimangire. Ndinafunsa ngati ndingamuperekeze kudoko. Anati ayi, akufuna kudutsira pa benchi ya nsomba, ndipo kumeneko sindikufunikako. Sanandipsompsone. Rinske anamupsompsona katatu, ine ndili chiimire ndi manja anga.

Atafika pakageti anaima, chitini chili m'khwapa, n'kucheuka. Diso lamanja linandipeza. Linalo linali kunyanja, ndipo kanali koyamba kuti ndiliyang'ane popanda kuganiza mmene ndingalikonzere.

"A Van Asselt adzandifunsa," anatero. "Ali ndi mzere m'fomu yawo. Linakhala lowongoka nthawi yaitali bwanji pambuyo pa opaleshoni? Ndikufuna ndikawauze zoona, kamodzi kokha. Musandikonzere."

Sindinafunike kutsegula chitini. Masiku amenewo ndinkamujambula mwezi uliwonse ndi filimu yotsala kumapeto kwa mpukutu. Opaleshoni inachitika mu Epulo 1972. Kafilimu ka Febuluwale 1973 timadontho tili pamalo pake. Ka Malichi ndi kamene ndinayambira burashi.

Diso la Geeske linakhala lowongoka miyezi khumi ndi umodzi.